Intaneti yothamanga kwa aliyense: boma likulephera pati?

Namondwe_wa_Mmawa
Abale anga, ndili ndi funso lomwe landivutitsa kwa nthawi yaitali. Pafupifupi boma lililonse padziko pano lili ndi chikalata chonena kuti pofika chaka chakutichakuti anthu onse adzakhala ndi intaneti yothamanga. Chakacho chikakwana amalemba chikalata china, n'kusuntha chaka. Bungwe la ITU, la United Nations loona za mauthenga, linanena kuti mu 2024 anthu 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti, ndipo ochuluka mwa iwo ndi akumidzi komanso osauka. Ndiye ndikufunsa inu odziwa: vuto ndi ndalama, ndi makampani, kapena ndi boma lenilenilo? Kodi boma lizimanga lokha netiweki monga limamangira misewu, kapena lizingosiyira makampani a foni? Ine ndikuona kuti kusiyira makampani ndi komwe kwatifikitsa pano.

Gologolo
Boma limange? Ayi akulu. Foni zam'manja zinafika kumidzi chifukwa cha makampani opikisana, osati chifukwa cha unduna. Nthawi yomwe boma linali ndi kampani imodzi ya lamya, munthu ankadikira zaka kuti amuikire foni m'nyumba.

Namondwe_wa_Mmawa
Zinafika pomwe pali phindu, a Gologolo. Nanga kupitirira pamenepo?

WaNsanja
A Namondwe, ndiyankheko monga munthu amene ntchito yake ndi kukwera nsanja za netiweki. Kampani isanamange nsanja imawerengera zinthu ziwiri: m'dera lomwe nsanjayo ifikire muli anthu angati, ndipo aliyense angagule data ya ndalama zingati pamwezi. M'tauni nsanja imodzi imatumikira anthu masauzande okhala mothithikana. Kumudzi nsanja yomweyo, yamtengo womwewo kapena woposerapo, imatumikira mabanja omwazikana amene amagula kabandulo ka tsiku limodzi, mawa osagula. Kumeneko magetsi kulibe, ndiye pafunika jenereta, dizilo, mabatire kapena sola. Msewu ukaduka nyengo ya mvula dizilo safika, nsanja imazima. Akuba nawonso amadziwa kuti mabatire a pansanja ndi amphamvu. Tinapitapo pansanja ina, tinapeza chitseko chathyoledwa, mabatire onse atapita, mlonda atamangidwa manja. Anthu a m'deralo ankangoti kampani yawataya, osadziwa zomwe zachitika.

Chinanso chomwe ambiri saona n'chakuti nsanja payokha si intaneti. Iyenera kulumikizidwa kumbuyo kwake, kaya ndi fibre (chingwe chonyamula data pogwiritsa ntchito kuwala) kaya ndi mbale za microwave zoyang'anizana ndi nsanja inzake. Mukaona foni ikulemba 4G koma tsamba osatseguka, nthawi zambiri vuto silili pakati pa inu ndi nsanja. Lili pa njira yochoka pansanjapo kupita kumene kuli intaneti, yomwe ndi yopapatiza ndipo anthu onse a m'deralo akudutsa momwemo.

Gologolo
Mwamva nokha. Si nkhanza za makampani, ndi masamu.

Kadzidzi_Usiku
Ndi masamu inde, koma n'chifukwa chake boma lilipo. Pomwe masamu a kampani athera ndi pomwe ntchito ya boma iyenera kuyambira. Ndipotu mayiko ambiri anaziwona kale izi, n'kukhazikitsa thumba lotchedwa Universal Service Fund. Kampani iliyonse ya foni imapereka kagawo ka ndalama zomwe imapeza, ndipo ndalamazo zimayenera kulipirira nsanja ndi zingwe kumadera opanda phindu. Papepala n'zabwino kwambiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mayiko ambiri ndalama zimalowa koma sizituluka. Mu 2018 bungwe la Web Foundation linafufuza mathumba amenewa mu Africa. M'mayiko 13 okha omwe ziwerengero zinkaoneka, anapeza madola 177 miliyoni atangokhala osagwiritsidwa ntchito. Ku Brazil thumba lawo la FUST linakhazikitsidwa mu 2000, linatolera ndalama zankhaninkhani kwa zaka pafupifupi 20, koma zomwe zinapita ku ntchito yolumikiza anthu zinali zochepa kwambiri, mpaka lamulo lake linasinthidwa mu 2020. Ndalamazi amapereka ndi makampani, koma amazitenga kwa inu ndi ine kudzera mu mtengo wa data. Ndiye wosauka wa m'tauni akulipira kale kuti wakumudzi alumikizidwe, koma wakumudziyo sakulumikizidwa.

Mkuntho
Apa ndi pomwe mtima wanga umawira. Boma limaima pansanja n'kunena kuti intaneti ndi chitukuko. Likatsika limaika msonkho pa foni yolowa m'dziko, msonkho pa data, msonkho pa zipangizo za nsanja, kenako limagulitsa mafunde a wailesi omwe mafoni amagwiritsa ntchito pamtengo wokwera kwambiri. Uku ndi kukama ng'ombe usanaidyetse. Ku Uganda mu 2018 anaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku kwa aliyense wofuna kulowa pa WhatsApp, Facebook ndi zina. Odziwa anathawira ku VPN, pulogalamu yobisa zomwe munthu akutsegula pa intaneti, osadziwa anangosiya. Mu 2021 anauchotsa, koma n'kuika 12 peresenti pa data yonse. Wosauka anapindula chiyani pamenepo?

Kalulu_Mtunda
Koma a Mkuntho, boma lipeze kuti ndalama za mankhwala ndi za aphunzitsi? Makampani a foni ndi ena mwa ochepa amene amalipira msonkho mosazemba. Ukakhala nduna ya zachuma, sungangowasiya.

Mkuntho
Sindikunena kuti asalipire. Alipire pa phindu lawo. Koma msonkho pa foni yotchipa kwambiri umagwera munthu amene akugula foni yake yoyamba. Kenya inachotsa VAT pa mafoni mu 2009 ndipo anthu anagula mafoni ambiri. Munthu akakhala ndi foni amagula data kwa zaka, boma limatolerabe pamenepo.

Kadzidzi_Usiku
Nditsirepo ndemanga pa za mafunde, chifukwa ambiri sadziwa kuti mpweya womwe foni imagwiritsa ntchito uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndi boma. Limagulitsa malayisensi kwa makampani. Mu 2000 dziko la UK linagulitsa malayisensi a 3G pa mapaundi 22.5 biliyoni. Boma linasangalala, koma makampani anatsala ndi ngongole zazikulu ndipo 3G inachedwa kufika kwa anthu. Ku South Africa vuto linali lina: anatha zaka zoposa 10 osagawa mafunde atsopano chifukwa cha mikangano ndi milandu kukhoti, mpaka March 2022 pomwe ICASA, bungwe lawo loyang'anira za mauthenga, inagulitsa pa marandi 14.4 biliyoni. Nthawi yonseyo makampani ankadandaula kuti akupanikizana m'mafunde akale.

Mafunde ofunika kwambiri kumidzi ndi apansi, a 700 ndi 800 MHz, chifukwa amapita kutali ndipo amalowa m'nyumba. Nsanja imodzi imafikira dera lalikulu. Koma mafunde amenewa ankagwiritsidwa ntchito ndi wailesi yakanema yachikale. Mayiko a ku Africa ndi ku Ulaya anagwirizana kuti pofika 17 June 2015 akhale atasamukira ku kanema wa digito kuti mafundewo amasuke. Ambiri mu Africa sanakwanitse tsikulo. Ndiye kuchedwa kwa unduna woona za kanema kunachedwetsa intaneti ya munthu wakumudzi, ngakhale iye sakudziwa kuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana.

Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanatsitsa mtengo wa layisensi, koma n'kulemba momveka kuti kampani iyambe yafikira madera akutiakuti pofika tsiku lakuti, ikalephera ilandidwe.

Namondwe_wa_Mmawa
Zikomo a Kadzidzi. Koma funso langa lachiwiri lija simunaliyankhe. Alipo amene anayesa kuti boma limange lokha?

Kadzidzi_Usiku
Alipo, ndipo nkhani zake si zosangalatsa kwa mbali iliyonse.

Australia mu 2009 inalengeza NBN, kampani ya boma yoti ifikitse fibre mpaka m'nyumba zambiri za m'dzikolo, makampani ena azingogula kwa iyo n'kumagulitsa kwa anthu. Boma litasintha mu 2013, atsopanowo anati n'zodula, n'kusakaniza fibre ndi mawaya akale a kopa. Patapita zaka anabwereranso kukaika fibre m'madera ena momwe anasiya kopa. Kunali kulipira kawiri. Komabe lero netiwekiyo ilipo, ndipo yafika kumadera omwe kampani wamba sikanapitako.

Rwanda mu 2013 inagwirizana ndi kampani ya KT ya ku South Korea kuti pakhale netiweki imodzi yokha ya 4G m'dziko lonse kwa zaka 25. Netiwekiyo inafalikira pafupifupi paliponse, koma anthu ogwiritsa ntchito anali ochepa, chifukwa makampani a foni sankafuna kukankhira makasitomala awo ku netiweki ya wina. Boma linasintha ndondomeko, ndipo mu 2023 MTN ndi Airtel anayamba 4G yawoyawo. Mexico inayesanso zofanana, netiweki yotchedwa Red Compartida, ndipo kampani yoyendetsa, Altán Redes, inagwa m'ngongole mu 2021 mpaka boma linachita kuipulumutsa.

Phunziro lomwe ine ndimatengapo n'lakuti boma lizimanga kapena kulipirira msana wa netiweki, ngalande ndi zingwe zikuluzikulu, aliyense azilumikizako pamtengo umodzi wolengezedwa poyera. Kugulitsa kwa munthu wamba lisiyire opikisana.

Gologolo
Zitsanzo zitatu, zonse zopunduka. Ndiye mukutsimikiza zomwe ndanena.

Kadzidzi_Usiku
Ayi achimwene. Werenganinso za Australia. Komanso TEAMS, chingwe cha pansi pa nyanja chochokera ku Mombasa kupita ku Fujairah ku United Arab Emirates, chinayambitsidwa ndi boma la Kenya litatopa kudikira ena, ndipo chinafika mu 2009. Popanda boma kulowererapo Kenya ikanachedwa.

Chingwe77
Ine ndimagwira ntchito yoyala fibre, ndiye ndikuuzeni pomwe ndalama zimathera. Chingwecho pachokha si chodula kwenikweni. Chodula ndi kukumba. European Commission inawerengera kuti ntchito yokumba ndi kumanga imatha kudya mpaka 80 peresenti ya ndalama zonse zoyalira netiweki yothamanga. Ndiye taganizani: boma limamanga msewu watsopano, n'kuthira phula. Chaka chamawa kampani yoyamba ikubwera kudzakumba m'mbali mwake. Kenako yachiwiri ikukumbanso ngalande yakeyake pomwepo, mwina n'kudula chingwe cha yoyamba ija. Pomwe pakanangokhala lamulo loti msewu uliwonse watsopano uziikidwiratu mapaipi opanda kanthu pansi, aliyense wofuna azingolowetsamo chingwe chake n'kulipira lendi. Mtengo wa mapaipiwo poyerekeza ndi mtengo wa msewu ndi wochepa zedi.

Kenako pali zilolezo. Kuti ndiyale chingwe mtunda wautali ndimafunika chilolezo cha oyang'anira misewu, cha khonsolo iliyonse yomwe ndikudutsamo, cha kampani ya magetsi ngati ndikukoleka pamapolo awo, nthawi zina cha a njanji. Aliyense ali ndi mtengo wake ndi nthawi yake yoyankhira. Tinakhalapo miyezi zipangizo zili pamalo, anyamata okumba ali okonzeka, tikudikira siginecha ya munthu mmodzi pa ofesi ina. Ku Nigeria anagwirizana mtengo wa 145 naira pa mita imodzi, koma maboma ena a zigawo anapitiriza kulipiritsa masauzande. Kampani ikaona choncho imangodumpha chigawocho.

Izi sizifuna ngongole ya kunja. Zimafuna kuti maunduna azilankhulana.

Mayi_wa_Mapasa
Pepani akuluakulu, nonsenu mukukamba za nsanja ndi zingwe, koma ine ndikambe za mbali inayo. Kwathu netiweki ilipo, ndipo ndi yamphamvu. Koma mwa amayi amene ndimakumana nawo kawirikawiri, amene ali ndi foni yolowera pa intaneti ndi owerengeka. Ena foni ndi ya bambo, amaigwira bambo akabwera madzulo, ndipo pamene akuigwira bamboyo ali pomwepo. Ena ali nayo koma data amayatsa pofuna kutumiza uthenga n'kuzimitsa msanga. Wina anandiuza kuti amaopa kudina china chilichonse chifukwa anaberedwapo ndalama ndi munthu woimba foni. Ndiye mukamanga nsanja ina pamenepo, mwathandiza ndani?

Kadzidzi_Usiku
Mayi, mwakhudza pachimake penipeni. Lipoti la 2024 la GSMA, bungwe la makampani a foni zam'manja padziko lonse, linaonetsa kuti anthu okhala kumalo kopanda netiweki ya intaneti ya pafoni ndi pafupifupi 350 miliyoni, 4 peresenti ya anthu onse padziko. Koma okhala pomwe netiweki ilipo, osaigwiritsa ntchito, ndi 3.1 biliyoni. Gulu lachiwirili ndi lalikulu pafupifupi kasanu ndi kanayi. Andale amakonda kutsegulira nsanja chifukwa imaoneka ndi maso. Kutsitsa mtengo wa foni kapena kuphunzitsa amayi kugwiritsa ntchito kulibe riboni yodula.

Broadband Commission ya ITU ndi UNESCO inaika mlingo woti intaneti yoyambira isapitirire 2 peresenti ya ndalama zomwe munthu amapeza pamwezi, powerengera dziko lonse. Koma ngakhale dziko litakwanitsa mlingowo, chiwerengerocho chimasakaniza olemera ndi osauka. Kwa mayi amene mwatchulayo data ikhoza kukhalabe yosafikirika.

Mphunzitsi_Chabe
Ndivomerezane ndi mayiwa. Sukulu yomwe ndimaphunzitsa inalandira makompyuta ndi kachipangizo ka intaneti kudzera mu pulojekiti ina. Chaka choyamba zonse zinali bwino, ana anayamba kufufuza okha zinthu, ena anaphunzira kulemba pa kompyuta mwachangu kuposa ine. Pulojekiti itatha, ndalama yolipirira intaneti mwezi ndi mwezi sinalembedwe mu bajeti ya aliyense. Kachipangizoko kali m'kabati mpaka lero. Ana amene analawako amandifunsabe kuti ibwera liti. Chomwe ndikupempha opanga ndondomeko n'chakuti asamangowerengera ndalama yogulira zinthu. Awerengerenso ya magetsi, ya data, ndi ya munthu wodzakonza zikawonongeka.

Nyenyezi_550
Zonsezi zatha ndi Starlink abale, intaneti yochokera ku setilaiti. Palibe kukumba, palibe chilolezo cha khonsolo. Mbale padenga, basi.

WaNsanja
Ndi yabwino, sindikana. Masetilaiti akale ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, n'chifukwa chake ankachedwa kuyankha. Awa ali pa makilomita pafupifupi 550, ndiye amayankha msanga. Kwa chipatala kapena sukulu ya kutali ndi chipulumutso, ndipo ikhoza kudyetsa nsanja yomwe fibre singafikeko. Koma mayi amene sangagule foni agula mbale? Imafunanso magetsi osaduka. Ndipo ogwiritsa ntchito akachuluka m'dera limodzi imadzaza, chifukwa setilaiti iliyonse ili ndi malire a zomwe inganyamule. Ku Nairobi anafika poimitsa kulembetsa makasitomala atsopano kwa kanthawi pa chifukwa chomwechi.

Nyenyezi_550
Chabwino, koma mudzi ukhoza kugula imodzi n'kugawana pa WiFi.

Kalulu_Mtunda
Ngati lamulo likulola kugawana. Ndipo pali funso lina: dziko lonse lidalire kampani imodzi yakunja, ya munthu mmodzi, amene angazimitse akafuna? Nigeria inali yoyamba mu Africa kuilandira mu 2023, koma South Africa inakanirira pa lamulo lake loti 30 peresenti ya kampani yotere ikhale ya anthu amene ankaponderezedwa kale. Mukhoza kutsutsana nalo lamulolo, koma nkhawa ya umwini si yopanda pake.

Mkuntho
Mukuopa kuti munthu wakunja azimitsa? Amene amazimitsa intaneti kawirikawiri ndi maboma eniake. Ku Kashmir, ku India, anazimitsa mu August 2019 ndipo 4G inabwerera mu February 2021. Ku Tigray, ku Ethiopia, anthu anakhala pafupifupi zaka ziwiri mumdima kuyambira November 2020. Uganda inazimitsa pa chisankho cha 2021. Ichi n'chifukwa china chomwe ine sindifuna kuti boma likhale ndi chingwe chimodzi chomwe aliyense akudutsamo. Wogwira chingwe ndi amene amagwira swichi.

Kalulu_Mtunda
Amazimitsa ngakhale zingwe zili za makampani. Amangolemba kalata, kampani imamvera chifukwa ikuopa kulandidwa layisensi.

Mkuntho
Zoona, koma makalata asanu ndi ovuta kubisa kuposa kalata imodzi.

Agogo_a_Pa_Intaneti
Ana anga, ine ndifunseko chosiyana pang'ono. Tikuthamangira kuti aliyense akhale pa intaneti, koma kodi taganiza zomwe ana akuonamo? Adzukulu anga akagwira foni samva ngakhale kuitana. Kubetcha kwalowa m'mafoni, anyamata akutha ndalama. Mwina kumidzi komwe sikunafike kuli mtendere.

Mayi_wa_Mapasa
Agogo, nkhawa yanu ndi yanganso, ndimalimbana nazo tsiku ndi tsiku m'nyumba mwanga. Koma mafomu a sukulu, ntchito, ngakhale zina za boma lomwelo zasamukira pa intaneti. Mwana amene alibe sakhala pamtendere, amangotsala m'mbuyo anzake akupita.

Agogo_a_Pa_Intaneti
Ndamva mwanawe. Koma amene akubweretsa chingwe abweretsenso malamulo oteteza ana.

Woyang'anira_Gulu
Nkhani ya ana ndi mafoni ndi yofunika, agogo, tiitsegulire malo akeake. Pano tibwerere ku funso la a Namondwe.

Chingwe77
Pobwerera, pali chinthu chomwe sitinakhudze. Intaneti yambiri yodutsa pakati pa makontinenti imayenda m'zingwe za pansi pa nyanja. Gombe la kum'mawa kwa Africa linalibe chingwe chotere mpaka 2009 pomwe SEACOM ndi TEAMS zinafika, kenako EASSy mu 2010. Izi zisanachitike zonse zinkadutsa pa setilaiti, pamtengo wokwera kwambiri. Koma dziko lomwe lilibe gombe, monga Zambia, Malawi, Uganda, Bolivia kapena Nepal, liyenera kulipira mnansi wake kuti adutsitse data kufika kunyanja. Mnansiyo akakhala ndi kampani imodzi yokha panjirapo, amatchula mtengo womwe akufuna. Ndipo malipiro ake ndi a madola, pamene makasitomala akulipira ndi ndalama ya m'dziko. Ndalamayo ikagwa mphamvu, mtengo wa data umakwera ngakhale palibe chasintha pa netiweki.

Kudalira njira imodzi n'koopsanso. Mu March 2024 zingwe zinayi, WACS, MainOne, SAT-3 ndi ACE, zinaduka kugombe la kumadzulo kwa Africa, mayiko angapo anavutika kwa masiku. Mu May chaka chomwecho EASSy ndi SEACOM zinadukanso, kum'mawa kwa Africa kunagwedezeka. Boma lanzeru limaonetsetsa kuti dziko lili ndi njira zotulukira zingapo, zodutsa m'mayiko osiyana.

Kadzidzi_Usiku
Ndipo data yomwe siyenera kutuluka isamatuluke. Popanda malo olumikizirana makampani a m'dziko, omwe amatchedwa IXP, uthenga wochokera kwa kasitomala wa kampani ina kupita kwa mnzake wa kampani ina mumzinda womwewo unkatha kuzungulira ku London kaye. Ku Kenya makampani anatsegula KIXP mu 2000, koma inatsekedwa patangopita nthawi yochepa Telkom Kenya itadandaula kuti ikulandidwa ufulu wake wokhala yokha. Inatsegulidwanso mu 2002. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa kuti nthawi zina chomwe boma lingachite n'kungosiya kuteteza kampani yake.

Gologolo
Apa tagwirizana.

Namondwe_wa_Mmawa
Nanga mayiko olemera zinawathera? Chifukwa ngati vuto ndi ndalama basi, kwawoko kukanakhala kulibe nkhani.

Kadzidzi_Usiku
Sizinawathere. America mu 2021 inaika madola 42.45 biliyoni mu pulogalamu ya BEAD yofikitsa intaneti kumidzi. Pofika kumapeto kwa 2024 zambiri zinali zikadali pa mapu, mapulani ndi zilolezo. Mbali ina ya kuchedwako inali yoti sankadziwa bwino amene alibe intaneti. Mapu akale a FCC, bungwe lawo loyang'anira za mauthenga, ankati kadera konse kali ndi intaneti ngati nyumba imodzi yokha m'kaderako ingathe kulumikizidwa, ndipo ziwerengerozo ankapereka ndi makampani eniake. Anachita kupanga mapu atsopano mu 2022, owerenga nyumba imodziimodzi, anthu n'kupatsidwa mwayi wotsutsa ngati alembedwa molakwa. Analinso ndi pulogalamu yothandiza mabanja osauka kulipira intaneti, yomwe inafikira mabanja 23 miliyoni, koma inatha mu 2024 ndalama zitatha.

Finland inatenga njira ina. Kuyambira July 2010 munthu aliyense anapatsidwa ufulu mwa lamulo wokhala ndi intaneti ya liwiro la 1 Mbps, ndipo mlingowo akhala akuukweza. Ubwino wake ndi woti munthu ali ndi poyambira kudandaula.

Mphunzitsi_Chabe
Za mapuzo zandikhudza. Pa mapu a kampani ina dera la sukulu yathu ndi lopakidwa utoto wonse, kutanthauza kuti netiweki ili paliponse. Koma kuti nditumize malipoti ndimachita kutuluka panja n'kukwera pachitunda. Boma likamadalira mapu amenewo lidzati kwathu kunatheka kale.

WaNsanja
Mapu amenewo amapangidwa ndi kompyuta, aphunzitsi, powerengera kutalika kwa nsanja ndi mphamvu yake. Sikuti munthu anayenda ndi foni kukayeza. Bungwe loyang'anira makampani liyenera kukhala ndi magalimoto akeake oyezera, ndipo zotsatira lizizilengeza.

Dzuwa_Salozerana
Ndakhala ndikuwerenga chete. Nonse mukukamba ngati pali awiri okha, boma ndi kampani yaikulu. Alipo achitatu, anthu eniake. M'zaka za m'ma 1930 ku America, mwa mafamu 10 aliwonse ndi imodzi yokha yomwe inali ndi magetsi, makampani ankati kumidzi kulibe phindu. Lamulo la 1936 linapereka ngongole zotsika mtengo kwa makopaletivu a alimi, iwo n'kudzikokera okha mawaya. Ena mwa makopaletivu omwewo lero akuyala fibre. Ku Lancashire, ku England, anthu akumidzi anayambitsa B4RN, netiweki yawo ya fibre, mu 2011, alimi n'kulola chingwe kudutsa m'minda mwawo, odzipereka n'kumakumba okha. Ku Catalonia, ku Spain, kuli guifi.net, netiweki ya anthu eniake, kuyambira 2004. Ku Mankosi, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kuli Zenzeleni, netiweki ya WiFi yoyendera sola yomwe eni ake ndi anthu a m'mudzimo.

Chomwe chimalepheretsa zotere m'mayiko ambiri ndi layisensi. Lamulo linalembedwa poganizira kampani ya dziko lonse, ndiye kagulu ka mudzi kamafunsidwa ndalama ndi mapepala ofanana ndi a kampani yaikulu. Mafunde omwe kampani inagula koma sikuwagwiritsa ntchito kudera limenelo amangokhala, wina osaloledwa kuwakhudza. Mexico inapatula mafunde ena kuti midzi ya eni nthaka ku Oaxaca iyendetse netiweki yawo ya foni, ndipo zinatheka.

Gologolo
Zimenezo zimayenda pomwe pali munthu mmodzi wodzipereka. Akasamuka kapena akatopa, zimagwa.

Dzuwa_Salozerana
Zina zimagwadi. N'chifukwa chake ndalama za thumba lija a Kadzidzi anatchula zizipitanso ku maphunziro a achinyamata a m'deralo, kuti odziwa kukonza asakhale mmodzi. Panopa m'mayiko ambiri ololedwa kupempha ndalama za thumbalo ndi makampani akuluakulu omwewo amene anakana kupitako poyamba.

WaNsanja
Ndionjezerepo za magetsi, chifukwa sizisiyana ndi nkhaniyi. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi. Unduna wa zamagetsi uli ndi mapu ake a komwe ukupita, wa zamauthenga ulinso ndi ake, ndipo kawirikawiri sagwirizana. Pomwe pakumangidwa kagiridi ka sola, nsanja ikanakhala kasitomala wake wamkulu wolipira mwezi uliwonse, ndipo anthu akanapeza potchajira mafoni pomwepo. Ndinaonapo malo amodzi pomwe anachita choncho, nsanjayo sinazimepo nyengo yonse ya mvula.

Namondwe_wa_Mmawa
A Kadzidzi, funso lina pa thumba lija. Ngati ndalama zilipo, njira yabwino yozitulutsira popanda kuzidya ndi iti?

Kadzidzi_Usiku
Chile inayamba kale m'ma 1990 ndi mafoni a m'midzi. Boma limatchula dera ndi ntchito yofunika, makampani n'kupikisana kuti ndani angaigwire popempha thandizo lochepa kwambiri. Wopempha zochepa ndiye amapambana. Koma pali msampha: kampani ikhoza kutchula mtengo wotsika kuti ingopambana, kenako n'kulephera kumanga, derali n'kutsekeka zaka chifukwa pa pepala lili ndi mwini. Zinachitika ku America pa mpikisano wotere wa 2020 wotchedwa RDOF, pomwe ena opambana anakanidwa kapena anabweza madera awo. Ndiye ndalama izituluka pang'onopang'ono, gawo lililonse wina wodziimira payekha atapita kukayeza kuti netiweki ikugwiradi ntchito. Ndipo chaka chilichonse thumbalo lizisindikiza zomwe latolera, zomwe latulutsa, kwa ndani, ndi mayina a midzi yomwe yalumikizidwa.

Mayi_wa_Mapasa
Mayina a midziwo aziwerengedwanso pa wailesi. Amene akuyenera kutsimikiza kuti nsanja inamangidwadi ndi omwewo amene sangathe kutsegula lipoti la pa intaneti.

Mphunzitsi_Chabe
A WaNsanja, ngati tingafune kuyeza tokha mphamvu ya netiweki pasukulu pathu n'kutumiza ku bungwe loyang'anira, tiyambire pati?

WaNsanja
Yezani ndi pulogalamu ya speed test pa foni, yoyeza liwiro la intaneti, m'kalasi ndi panja, m'mawa ndi madzulo chifukwa madzulo ndi pomwe anthu amachuluka. Jambulani zotsatira pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi malo. Chitani choncho pa netiweki iliyonse yomwe imafika kumeneko, kwa milungu ingapo. Pomwe foni yalephereratu kulumikiza lembaninso, chifukwa umenewo ndi umboni waukulu. Kalata ipite m'dzina la sukulu ndi komiti ya makolo, kope lina kwa kampani, lina kwa phungu wa dera lanu.